Mmene Ndinagulira Kukayika Pamodzi ndi Mchere

Khalani pansi ana inu, koma manja asaleke kusankha kachewereyo. Yowola ponyani uko, ya mbewu m'dengu. Iwe Tadala, foniyo ilowe m'thumba. Ukuti ukuwerenga? Munthu wowerenga sasekerera chala chake chomwe. Kuwerenga ndikukudziwa ine. Kunatsala pang'ono kundiphera ukwati, ndipo ukwatiwo ukanafa nonsenu simukanabadwa, foniyo ikanasowa woisisita.

Ndinali ndisanakwanitse zaka makumi awiri pamene ndinalembedwa ntchito ku nazale ya mitengo ya paini, m'munsi mwa Phiri la Dedza. Ntchito yake inali kuthira dothi m'timachubu, kuokeramo timbande, kuthirira ndi kuzulira. Mitengo mukuiona ikutsika pa malole lero ija, agogo ake anadutsa m'manja mwanga muno. Tinkafika chifunga chisanachoke, opanda nsapato, zala zitauma ngati timitengo. Inu mukavala majuzi awiri mumati kwazizira. Ife chotifunditsa chinali kukalipa kwa kapitawo basi. Mkati mwa sabata tinkagona m'nyumba za antchito, Loweruka tikaweruka n'kuuyamba wapansi wa kumudzi, njira ya ku Mayani, chimanga chokazinga chili kumfundo ya nsalu.

Sukulu ndinalekera sitandade faifi, koma kuwerenga kunandilowa ngati thekenya. Vuto linali loti chowerenga kunalibe. Kwathu kunali kabuku kamodzi ka mapemphero, ka amayi, amene sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi koma ankakatsegula mwaulemu kuposa aliyense m'tchalitchi. Tsono ine ndinkawerenga chilichonse chondidutsa pamaso: chitini cha mafuta a nyale, thumba la feteleza, chikwangwani choletsa moto m'nkhalango. Mnzanga wa ku nazale, Rozina, analoweza mawu onse a pa botolo la mankhwala a chifuwa. Tikapuma masana ankaimirira pa mulu wa dothi n'kutilakatulira, ndipo akafika pamene pamati gwedezani musanamwe, tonse tinkagwedeza mitu.

Loweruka lina amayi anandiuza kuti podutsa ku Mayani ndigule mchere. Mchere wa masiku amenewo sunali wa m'mapaketi uwu. Unali wamibulu, woyeza ndi kambale, ndipo ankaukulunga m'pepala. Wogulitsa anali a Kamwendo, bambo wamfupi wa mano atatu, munthu wa Gule Wamkulu, wosawerenga. Pambali pawo panali buku lopanda chikuto, lotsamiritsidwa ndi mwala, ndipo m'menemo ndi mmene ankang'ambamo zokulungira.

Nditafika kunyumba ndinakhuthula mcherewo n'kuwongola pepala lija pabondo. Linali la Chinyanja chakale. Pamwamba panali nambala, pansi pake funso: ngati dzuwa linalengedwa tsiku lachinayi, masiku atatu oyambawo anawerengedwa ndi chiyani? Wolembayo analitambasula funsolo mpaka pansi pa tsamba, osaliyankha. Nditatembenuza ndinapeza lina. Linkafunsa za chombo chachikulu chija chimene chinapulumutsa nyama ziwiriziwiri pa chigumula. Ngati chinali cha matabwa, chiswe anachisunga bwanji?

Ndinaseka, kenako ndinayang'ana kumwamba kuti ndione ngati kukuchita mitambo ya mphezi. Kunali koyera.

Lolemba ndinapita nalo ku nazale. Rozina anawerenga mokweza, atsikana ena atatizungulira. Musaiwale kuti ife tinali anthu a mitengo, nkhani ya chiswe sitinkaitenga mwachibwana.

"Chiswe chiwiri m'nyumba ya matabwa, mvula ikugwa osaleka," anatero Rozina. "Kwathu chinamaliza nkhokwe pa masabata awiri, kunja kuli ng'amba."

"Mwina anachimanga pakamwa," anatero mtsikana wina.

"Ndi chingwe chanji?"

Rozina anandiyang'ana. "Loweruka ukagulenso mchere."

Ndimo mmene zinayambira. Loweruka lililonse ndinkaima pa a Kamwendo. Poyamba ndinkagula kambale kamodzi, kenako ndinaphunzira nzeru.

"Mundikulungire pawiri, bambo."

"Kambale kamodzi pawiri?"

"Wina ndi wa azakhali."

Sabata yotsatira azakhali anakhala atatu. A Kamwendo ankangong'amba paliponse pamene chala chagwera, choncho mafunso ankabwera osatsatana, lero la nambala makumi atatu, sabata yamawa la nambala faifi. Ku nazale tinasiya za botolo la chifuwa. Masana tinkaotcha mbatata paphulusa n'kumatafuna mafunso. Mwana wa anthu awiri oyamba aja anakwatira yani, poti padziko panalibe mudzi wina? Ngati wina akupempha mvula ya chimanga, mnzake akupempha dzuwa loumitsa njerwa, amamvera uti? Anyamata ocheka matabwa anayamba kubwera kudzamvera, akunamizira kudzapempha moto.

Kunyumba mchere unadzaza mtsuko, unadzaza mphika wakale wa thobwa, unalowa ndi m'chipanda cha nyemba. Amayi anandifunsa ngati ndikufuna kufutsa ng'ombe yathunthu. M'mudzi ena ankati ndikuthamangitsa afiti. Ena ankati ndakopeka ndi a Kamwendo, ndipo a Kamwendo atamva anayamba kupesa tsitsi.

Zonsezi zinali zoseketsa mpaka tsiku limene ndinawongola pepala lina n'kupeza funso ili: nanga makolo athu amene anafa osabatizidwa, koma sanabe, sanaphe, ali kuti? Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, osabatizidwa. Anali munthu woti akapha mbewa zisanu, zitatu ankapatsa ana a eni. Pepala limenelo sindinapite nalo ku nazale. Ndinalisunga m'chikwama cha malaya, ndipo Lamulungu lotsatira anthu atanyamuka kukalandira Ukaristia, ine sindinanyamuke. Ndinakhala pa benchi. Mwezi wotsatira wansembe atabweranso pa njinga yake yamoto, ndinakhalanso.

Apa ndi pamene agogo anu aamuna akulowa. Benedikito anali mmodzi wa ocheka matabwa aja, a macheka aatali a anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje. Iye anali wa m'dzenje, utuchi wonse unkagwera pa iye, ndipo mwina n'chifukwa chake anazolowera kusatsegula pakamwa. Anali atandifunsira kale, unkhoswe utachitika, ukwati utalengezedwa kamodzi m'tchalitchi. Nkhoswe yake anali amalume ake, a Zakariya, amenenso anali mphunzitsi wa mpingo pa tchalitchi chathu chaching'ono cha kumudzi. Bambo wamtali, wa magalasi omanga ndi ulusi, wovala jekete lalitali ngakhale mu Okutobala. Ndi iwo anandiphunzitsa katekisimu ndili mwana.

Anandiitana kuseri kwa tchalitchi.

"Aginesi, mwana wanga, pali chimene wachita?"

"Ayi, Aphunzitsi."

"Benedikito wakulakwira?"

"Ayi."

"Nanga bwanji sukulandira?"

Ndinatulutsa mpukutu wanga wa mapepala, wolimba ndi mchere ngati chikopa. Anawerenga limodzi, nkhope inasintha. Anawerenga lachiwiri, anakhala pansi pa chitsa.

"Izi wazitenga kuti?"

"Kwa a Kamwendo a mchere."

"A Kamwendo alemba izi?"

"Amangokulungira."

Anati mapepalawo akawatentha, ndipo ine ndipemphere. Anawonjezera kuti kulengeza kwachiwiri kudikira kaye. Ndinabwerera ku nazale. Rozina anati ndingonama kuti ndakhulupirira, poti m'mutu mwa munthu simulowa nkhoswe. Ndinayesa kukonzekera bodzalo sabata yonse, ndikudzaza timachubu, koma linkakana kuima.

Loweruka ndinadutsa pa Mayani, ndikudziuza kuti ndingoyang'ana. Ndinapeza munthu wamtali wa jekete, chipewa chitatsitsidwa mpaka pamphuno, ataima pa a Kamwendo.

"Mundikulungire panayi," anali kutero.

"Aphunzitsi," ndinawaitana.

Anadzidzimuka mpaka mchere unatayika. "Ndikufuna kudziwa kukula kwa mdani," anatero. "Sungamenyane ndi njoka usanaone kumene yalekezera." Kenako anandikokera pambali n'kutulutsa mapepala anga aja, osapsa ngakhale m'mphepete. Maso awo anali ofiira. Anandionetsa timalemba ting'onoting'ono pansi penipeni pa tsamba, timene ine ndinkaganiza kuti ndi litsiro. Ndi magalasi awo timawerengeka: yankho lili kumapeto kwa buku.

Ana inu, buku lija silinali la adani a mpingo. Linalembedwera anthu ngati a Zakariya omwewo, kuti akakumana ndi wokayika adziwe chomuyankha. Kutsogolo anaika mafunso onse, kumbuyo mayankho onse. Ine ndinali nditadya miyezi isanu mbali ya matenda yokhayokha, mankhwala ali kumbuyo.

Tinabwerera kwa a Kamwendo. Aphunzitsi anatembenuza bukulo. Kumbuyo kunali ulusi wokha.

"Bambo, mapepala a kumbuyo kuno ali kuti?"

"Amenewo anatenga akunyumba," anatero a Kamwendo. "Anamata m'chipupa. Anasankha a kumbuyo chifukwa a kutsogolowa ali ndi timbedza tambiri." Analoza chizindikiro cha funso. "Akuti timbedza m'nyumba timakola mikangano."

Aphunzitsi anaima kanthawi. Mphunzitsi wa mpingo kulowa m'nyumba ya munthu wa Gule sinali nkhani yaing'ono masiku amenewo. Si monga lero pamene mumavinira pamodzi pa tsiku la sukulu. Anapukuta magalasi, anawavalanso.

"Tiyeni," anatero.

Mayi a kunyumbako, a Nachisale, anatilandira bwino kwambiri. Anatiyalira mphasa, ndipo a Kamwendo, poona kuti alendo ake ndi olemekezeka, anatuluka kukagwira nkhuku. Chipinda chochezera chinali chomatidwa mapepala kuyambira pansi mpaka pamene dzanja la a Nachisale linalekezera. Anamata ndi phala, mwaluso, popanda khwinya. Koma poti nawonso sankawerenga, tsamba lililonse linali chadodolido. Onse, popanda limodzi lolakwika.

Aphunzitsi anapendeketsa mutu, magalasi anagwa. Anayesa kugona chammbali, khosi linakana. Anapempha kumatula tsamba limodzi, a Nachisale anavomera monyinyirika, koma atalikoka zilembo za kuseri zinatsalira m'dothi la chipupa. Mayiwo anati basi, limodzi lomwelo lakwana. Pamapeto pake Aphunzitsi anafulatira chipupa, anatangadza miyendo, anawerama mpaka mutu unalowa pakati pa mawondo. Jekete linawagwera kumutu, ine n'kuligwirira m'mwamba.

"Zikuwerengeka," anatero mawu ochokera pansi.

Anapeza la chiswe. Anawerenga pang'onopang'ono, magazi akutsikira kumutu. Wolembayo anayamba bwino, anati funso ili lavutitsa ambiri pachabe, yankho lake ndi losavuta, pakuti chiswe... Tsamba linathera pomwepo. Zotsalazo zinali kuseri, kumene kunadya phala. La dzuwa linali ndi pakati pokha. La mkazi wa mwana wa anthu oyamba aja linasanduka malo okhomerapo msomali wa nyale.

"Aphunzitsi, la makolo osabatizidwa," ndinatero.

Anayenda chowerama m'mbali mwa chipupa ngati nkhanu, akufufuza nambala. Analipeza pafupi ndi chitseko. Ili linali losiyana ndi enawo, chiyambi chake ndi chimene chinali kuseri. Kumbali yoonekayi kunatsala mzere umodzi wotsiriza, woti chifukwa cha zimenezi mtima wanu usavutike.

"Chifukwa cha ziti?" ndinafunsa.

"Zili m'chipupa, mwana wanga."

Nthawi imeneyo ndi imene amayi anayi ochokera kudambo anadutsa pakhomo, chitseko chili chotsegula. Anaona mphunzitsi wa mpingo m'nyumba ya munthu wa Gule, mutu pansi, kumbuyo kuli m'mwamba, akung'ung'udza mawu osamveka, mwini nyumba ataima pambali ndi tambala m'manja. Inu simudziwa, koma wolowa Gule amapita ndi nkhuku. Dzuwa lisanalowe mbiri inali itafika kwathu, ife tisanafike: Aphunzitsi agula njira.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, akuluakulu a mpingo anauza anthu kuti asabalalike. Wotsogolera anali a Matiyasi, nkhalamba ya ndodo yamutu wa njoka. A Zakariya anawaimika kutsogolo, pamalo pomwe ankaphunzitsira.

"Kwa a Kamwendo munapitako?"

"Ndinapitako."

"Munawerama?"

"Ndinawerama."

"Munkatani?"

"Ndinkawerenga chipupa."

Anthu anang'ung'udza. A Matiyasi anafunsa chimene chinawapititsa kukawerenga chipupa cha eni pamene kwawo chilipo. A Zakariya anangoti ndi nkhani ya ntchito yawo. Amayi anayi aja anali ataona jekete ndi tambala, koma ine ndinali kuseri kwa chitseko, sanandione. Bambo uja akanangotchula dzina langa, mlandu ukanamuchoka pomwepo. Sanatchule. Anaima njo, zaka zake zonse za uphunzitsi zikutsetsereka, chifukwa cha mtsikana wa sitandade faifi ndi mchere wake. A Matiyasi anayamba kunena kuti ngati zili choncho, makiyi a tchalitchi aperekedwe kwa wina.

Rozina anali atabwera nane kumudzi sabata imeneyo. Anandikoka nsalu kuti ndikhale. Koma ine ndinaimirira.

"Anapita chifukwa cha ine."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira kambale koyamba. Ndinanena pamaso pa amayi anga, pamaso pa Benedikito ndi abale ake onse, kuti sindikudziwanso ngati zimene timanena muno ndi zoona. Kenako a Matiyasi anati, kuti akhulupirire kuti mafunsowo alipodi, nditchule limodzi. La bambo anga sindikanatha kulitchula osalira, choncho ndinatchula la chiswe.

A Matiyasi anaseka pang'ono. "Limenelo ndi funso? Anachiika mumtsuko n'kuvundikira."

"Mumtsuko chikanafa," anatero mkulu wina kumbuyo. "Chiswe chimafuna dothi lonyowa."

"Ndiye anathiramo dothi."

"Chikanaboola. Matabwa ake anali a mkungudza basi, chiswe sichidya mkungudza."

"Mkungudza wokwana chombo chonsecho anaupeza kuti?"

Mayi wina anaimirira n'kunena kuti nkhuku ziwiri zinali momwemo, tsono chodabwitsa si choti chiswe sichinadye chombo, koma choti nkhuku sizinadye chiswe. Pamenepo mpingo unagawika patatu. Anakangana mpaka mithunzi inatembenuka. Ana analira njala. A Zakariya, amene anali pa mlandu, ndi amene anayamba kuloza woyankhula, wina akatha wina, makiyi ali m'thumba mwawo momwemo. Za tambala palibe anazikumbukiranso.

Atatopa, a Matiyasi anakumbukira kuti pali ine. Anatembenukira kwa Benedikito n'kumufunsa ngati akufunabe mkazi wokayika. Agogo anu anaimirira pang'onopang'ono, akukanda utuchi umene sunkachoka m'makutu mwake.

"Ife chipika timayamba tachigogoda kuti timve ngati chili ndi mphako," anatero. "Musiyeni agogode. Ndimukwatira."

Amenewo ndi mawu ambiri amene anayankhula chaka chonsecho. Usaseke, Yamikani, iwe watengera komweko. Akuluakulu anagamula kuti ndizisesa m'tchalitchi mpaka tsiku la ukwati, poti tsache limathandiza maganizo, ndipo kulengeza kwachiwiri kunachitika pomwepo, anthu atayamba kale kutuluka.

Amene ndinkaopa anali amayi. Tsiku lonselo sanatsegule pakamwa. Pobwerera anali patsogolo, kabuku kawo ka mapemphero kali m'manja, ine pambuyo ngati mbuzi yogulidwa. Tinadutsa minda ya nyemba, tinawoloka kamtsinje. Titafika pamphambano ya njira ya kumanda anaima, osatembenuka.

"Iwe ukuganiza kuti kukayika kumafuna sukulu?"

Kenako anapitiriza.

"Usanabadwe iwe kunali ena awiri. Mnyamata ndi mtsikana. Anapita dzinja limodzi, wina Lachiwiri, wina Lachisanu. Ali uko." Analoza ndi chibwano. Ine ndinali ndisanamvepo zimenezi, ndinkadziyesa woyamba kubadwa. "Onse anali obatizidwa, ndipo ndinapemphera mpaka mawu anatha. Atapita ndinasiya kuyankhula naye Mulungu. Zaka zitatu."

"Munasiya kupita kutchalitchi?"

"Ndisiyirenji? Ndinkapita Lamulungu lililonse. Ndinkakhala kutsogolo kwenikweni, kuti azindiona bwino kuti sindikumuyankhula."

Tinaima pamenepo, mphepo ya kuphiri ikutiomba. Ndinafuna kuwagwira dzanja koma masiku amenewo sitinkatero.

"Nanga pano, amayi?"

Anakonza mpango wawo kumutu n'kuyamba kuyenda.

"Pano timapatsana moni," anatero.